Mapiritsi Asanu ndi Atatu

Mukafunsa pa msika wa ku Nyimba kuti Rabecca Mumba ndi uti, akulozerani mayi wonenepa wa nthochi amene akukangana ndi kondakitala. Ameneyo ndine. Akuuzaninso kuti nthochi zanga ndi zakupsa zokha, komanso kuti pakamwa panga palibe chitseko. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo mpaka chaka chatha ndinkanyadira zonse ziwiri.

Mlamu wanga Olipa, mkazi wa mlongo wanga Cosmas, amaluka tsitsi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, chapatali pang'ono ndi pamene ife timathamangira mabasi a ku Lusaka. Anabwera kuchokera ku Luembe zaka khumi ndi ziwiri zapitazo ali ndi chipeso chimodzi ndi kampando. Cosmas ndi munthu wabwino koma ndi wa maloto. Miyezi yambiri amakhala ku Sasare kufukula maenje amene eni ake anawasiya kalekale, ndipo golide amene amabwera naye sangadzaze chibowo cha dzino. Choncho nyumba ija ndi ana atatu aja zimadalira zala khumi za Olipa.

Zala zake ndi zosowa. Akakuluka mukule, mizere imawongoka kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo, ndipo sakoka mpaka kukutukula nsidze monga amachitira atsikana a m'masaluni. Mutu wanga sunagwidwepo ndi munthu wina chibwerere iye. Vuto lake ndi limodzi lokha, kwawo sanamuphunzitse mawu akuti iyayi. Ukamupempha mchere amakupatsa ndi tomato yemwe.

Chakumapeto kwa dzinja ndinaona kuti wayamba kuvala malaya a manja aatali ngakhale kukutentha, ndipo khungu lake linada kuposa kale. Nditamufunsa anati ndi dzuwa. Kenako mu Epulo dzanja lamanja linamugwira. Ankati chigongono chikuwawa ngati wachigunda pa chitseko, ululuwo nkumatsika mpaka ku kachala kakang'ono. Masabata awiri sanaluke munthu, ndipo ine ndinada nkhawa, chifukwa ndinkadziwa chimene dzanja limenelo limadyetsa.

M'mawa wina, mabasi oyamba asanafike, ndinamupeza atabwerera pa kampando kake. Anali ndi kathumba ka pulasitiki pa miyendo. Anawerenga mapiritsi oyera ang'onoang'ono m'dzanja, asanu ndi atatu, nkuwaponya mkamwa onse pamodzi ngati mtedza, nkutsitsira ndi nthochi imene ndinamubweretsera.

"Mulamu, yonse aya ni ya munthu mmodzi?" ndinamufunsa.

"Ni ya nyamakazi," anatero osandiyang'ana. "Ananipatsa ku chipatala."

"Nanga dzanja?"

Anatambasula zala nkuzipinda, kawiri. "Mailo n'naluka anthu awili."

Tsopano muyenera kudziwa za mabondo anga. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala ndikuthamangira mabasi lichero lili pamutu, ndipo mabondowa anayamba kale kundibwezera. M'mawa ndimadzuka chogwira khoma. Ndiye nditaona munthu amene sabata yatha sankatha kugwira supuni akupinda zala ngati mwana, mtima wanga unathamanga kuposa miyendo.

"Nipatseniko awili chabe," ndinatero. "Mabondo yanga aya muyadziwa."

"Anati nisapatse munthu."

"Munthu? Ine lelo nakhala munthu chabe? Kupatsa n'kuika, mulamu. Mailo mudzadwala chinangu, ine n'dzakhala na mankhwala."

Anazengereza. Ndinaona kuti wazengereza, koma ndinayesa kaumbombo kamene kamabwera ndi matenda. Kenako anandipatsa awiri. Sindinafunse kuti ndi nyamakazi yanji imene imafuna mapiritsi asanu ndi atatu pa tsiku. Amati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinameza ndi madzi a m'chigubu changa nkupita ku msewu.

Patatha masiku atatu ndikumupempha nkumamwa awiriawiri, ndinathamangira basi ya ku Chipata nkuwapitirira atsikana onse. Amake Abby, amene amagulitsa kapenta pafupi ndi ine, anandifunsa ngati ndapeza mwamuna watsopano. Ndikanangoseka, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ine chinthu chabwino sindichisunga mkamwa. Ndinamuuza amake Abby, ndinawauza a Gideon Sakala amene amanyamula makala pa njinga ndipo msana wawo unapindika kale, ndinauzanso amayi awiri a Chigwirizano titatuluka m'tchalitchi. Ndinkachita kulalikira, ati mlamu wanga ali ndi mankhwala enieni, osati panado wa pa kantini.

Kwathu munthu sapempha mankhwala ngati wopemphetsa. Amabwera, amakhala pansi, amafunsa za ana, amafunsa za a Cosmas ku Sasare, kenako amagwira msana nkuusa moyo, nkungokhala chete kudikira. Ndipo iwe amene uli nawo sungamusiye kuti anyamuke manja ali zii. Wodwala mnzako ukamumana, anthu amakumbukira mpaka pa maliro ako. Olipa ankangomasula kathumba kaja. Sindinadziwe nthawi imeneyo kuti aliyense akachoka, iye ankachepetsa ake, mpaka kathumbako kanatha kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti abwerere ku chipatala.

Loweruka lina masana ndinapita kuseri kukapumako dzuwa. Olipa ankaluka mtsikana wina wa kusekondale. Chipeso chinamugwa. Anatola, chinagwanso. Kachitatu mtsikanayo ndi amene anamutolera. Mzere umene ankaluka unakhota ngati njira ya mbuzi, ndipo nkhope yake inali yotopa, milomo youma.

Mtsikanayo atachoka ndinamugwira dzanja. M'mbali mwa kachala kakang'ono munali thuza lalikulu, lodzaza madzi.

"Ichi n'chani?"

Anayang'ana ngati dzanjalo ndi la munthu wina. "Kapena ni mbaula," anatero. "Sin'namve."

Ndinakwinyira malaya ake m'mwamba asanandiletse. Pamwamba pa chigongono panali chigamba chachikulu ngati chikhatho, chotupa, chofiirira, chonyezimira, chotentha ukachigwira. Anabweza malayawo msanga nkuyang'ana ngati pali wina waona.

"Pa Mande tipita ku chipatala," ndinatero. "Ngati simufuna n'zakupapani kumbuyo."

Lolemba anandilondolera yekha. Tinadutsa mzere wa amayi a sikelo, tinadutsa pomwe amalandirira mankhwala, mpaka chitseko chomaliza kumapeto kwa khonde, kumene ine ndinali ndisanafikeko. Mkatimo munali a Daka, bambo woonda wa imvi pang'ono, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Kaya ndi dokotala weniweni kaya ndi wothandizira, ife aliyense wovala choyera timamutcha dokotala.

"Tsiku lanu ni pa Chinayi, amai," anamuuza Olipa. "Chavuta n'chani?"

Olipa anangoika dzanja pa tebulo. A Daka anamudina kuseri kwa chigongono, iye nkudzidzimuka mpaka kampando kanalira.

"Mukumwa angati manje?"

Olipa anakhala chete. Ine chete sindigwirizana naye, ndiye ndinamuyankhira.

"Yanatha, adokotala. Koma musasinthe, ni mankhwala yabwino maningi. Na ine yananithandiza mabondo, na amake Abby, na a Sakala msana. Mukamupatsa muwonjezeleko."

A Daka anaika bolopeni pa tebulo pang'onopang'ono. Sanandikalipire. Anatembenukira kwa Olipa. "Amai, nikambe pamaso pa alamu anu, kapena ayambe atuluka?"

"Akhale," anatero Olipa. "N'zakamba neka." Anandiyang'ana m'maso. "Si nyamakazi, mulamu. Ni khate. A Cosmas adziwa. N'nayamba mankhwala mu Janyuwale."

Ndinene zoona za chimene ndinachita, chifukwa nkhani yonseyi ndi ya chimenechi. Dzanja langa linanyamuka lokha nkukagwira duku, pamene panali mukule umene anandiluka masabata atatu apitawo. Linangogwira kamphindi nkutsika. Koma Olipa anaona, ndipo anayang'ana pansi. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

Ndinamvetsanso chifukwa chake sankakana. Kuti akane, anayenera kunena kuti mankhwalawo ndi a chiyani. Ndipo ndani angakhazike mutu wake pakati pa miyendo ya munthu amene wamva kuti ali ndi khate?

A Daka nawonso anaona dzanja langa lija. Anati, "Amai, mvelani ichi choyamba. Munthu akayamba mankhwala ya khate, pakapita masiku ochepa chabe sangapatsile munthu aliyense. Awa ali pa mwezi wachisanu. Ana tinawapima, ali bwino. Mutu wanu ulibe mlandu."

"Nanga ngati mankhwala yasebenza, dzanja likuonongeka bwanji?" ndinafunsa. Mawu anga anatuluka aukali, koma ukaliwo sunali wa iwo.

Anandiuza kuti mankhwala ndi a mitundu iwiri. A khate, amene anamudetsa khungu, Olipa ankamwa mobisa ndipo sanaphonyeko. Tizilombo tinali titafa kale kapena tikufa. Oyera aja, amene ine ndinawasandutsa a msika wonse, sanali opha kanthu. Anali otontholetsa thupi la Olipa lomwe, chifukwa chimene chinkadya dzanjalo tsopano si tizilombo ayi, koma asilikali ake a m'thupi.

"Asilikali awa alibe pakamwa, alibe foni," anatero. "Ni tuzidutswa twamoyo twa thupi, tumene titchula maselo. Selo ikapeza mdani, itulutsa tunthu tung'ono maningi, tosaoneka na maso, tumene tuyenda kukauza anzake. Ku sukulu tinatuphunzila kuti masaitokaini. Ni mauthenga chabe." Anatembenukira kwa Olipa. "Imwe ndimwe a ku Luembe. Njovu zikalowa m'munda muchita bwanji?"

"Timenya vitini," anatero Olipa motsitsa mawu. "Wa munda winangu akamva, nayenso amenya. Mpaka mudzi wonse wabwela na moto."

"Ni mwamene thupi ichitila."

Zimene anafotokoza pambuyo pake ndinazigwira chonchi. Uthenga ukatuluka mu selo, umakafika pa selo lina nkukakamira pa malo ake ouyembekezera, ndipo selolo limasintha khalidwe pomwepo. Ukafika pa mitsempha ya magazi, mitsemphayo imatakasuka nkuyamba kuchucha, kuti madzi ndi asilikali adutse kupita pomwe pali vuto. Ndiye kutupa kuja, kufiira kuja ndi kutentha kuja. Ukafika pa mitsempha yomvera, malowo amayamba kuwawa ngakhale kungowakhudza, kuti munthu awasamale. Ukachuluka m'magazi mpaka kufika ku mutu, thupi lonse limatentha. Ndipo asilikali amene abwera nawonso amatulutsa mauthenga awo kuitana ena. Anatchula mayina ambiri, ena a manambala ngati mabasi. Ine ndinasunga awiri, wina TNF, amene amaitana, ndi wina intalukini teni, amene amabalalitsa.

"Kutupa si mdani," anatero a Daka. "Popanda iko, kachilonda ka munga kangakuphe. Koma njovu zikapita, pafunika wina akuwe kuti zapita, bwelelani. Thupi ili nawo mauthenga ya mtundu uwo. Yakachepa, anthu apitiliza kuthamanga m'munda na moto, chimanga chonse achiponda okha."

Anati mwa Olipa tizilombo tinkakhala mkati mwa mtsempha womvera, umene umayendetsanso zala. Tikafa, zotsalira zake zimakhala momwemo nthawi yaitali, thupi likuchotsa pang'onopang'ono. Asilikali akazipeza sasiyanitsa chamoyo ndi chakufa, amangoimba zitini. Anandiuza kuti ndigwire kuseri kwa chigongono changa, pa kampata kamene ukakagunda dzanja limachita dzanzi. Ndinagwira. Mtsempha umadutsa m'kampata kameneko, pakati pa fupa, ndipo ukatupa ulibe kothawira. Umangopanikizika mpaka kusiya kunyamula kumva ndi mphamvu kupita ku zala ziwiri zakumapeto.

Mapiritsi oyera aja amalowa m'maselo nkuchepetsa kupanga kwa mauthenga oitana. Nchifukwa chake amayamba ambiri, nkumachepa pang'onopang'ono kwa miyezi, kudikira kuti mauthenga obalalitsa akwanire okha. Ukasiya mwadzidzidzi, zitini zonse zimalira nthawi imodzi. Anawonjezera kuti thupi likazolowera mapiritsiwa limagonekako mphamvu ina imene limapanga lokha, ndiye kusiya kamodzinkamodzi kukhoza kumugwetsa munthu. Kufooka kwa Olipa kunali kumeneko.

"Nanga mabondo yanga yanamvela bwanji?" ndinafunsa, ngakhale ndinali nditayamba kale kudana nawo mabondowo.

"Mauthenga ni yamodzimodzi, m'bondo kapena m'chigongono. Mukayatontholetsa, ululu uchepa. Koma mankhwala aya yakweza shuga, yakweza bipi, yakhoza kuboola m'mimba. Onse amene anamwa muwauze abwele tiwapime."

Kenako anamuuza Olipa kuti atsinzine. Anatenga bolopeni ija nkumamukhudza nayo m'dzanja, malo amodziamodzi, iye azinena akamva. Pa chala chachikulu anati eya. Pa cholozera, eya. Pa chapakati, eya. Pa chachinayi anachedwa, nkuti kapena. Pa kachala kakang'ono a Daka anakhudza, anakhudzanso, anadina mpaka khungu linalowa, ndipo Olipa anali chitsinzinire kudikira kuti ayambe. Ine ndinayang'ana pa kalendala ya pakhoma.

Anamupanitsa kapepala pakati pa zala ziwiri zakumapetozo nkukakoka. Kanatuluka ngati palibe wakagwira.

"Tiyambilanso pa mapilitsi eyiti," anatero. "Mtsempha ukapanikizika kamodzi, kambili udzuka. Uyu wapanikizika kawili. Tizayesa, koma sinilonjeza."

Madzulo a tsiku lomwelo ndinatenga kabotolo kopanda kanthu nkuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Amayi a Chigwirizano anabweza atatu omangidwa pa nsonga ya chitenje. A Sakala anati awo anatha, ena anapatsako akazi awo, akazi awonso anapatsako mchemwali wawo wa ku Mwape. Ndinaima pa bwalo lawo kabotolo kali m'manja, nkuona kutalika kumene pakamwa panga panafika. Amene anayamba kumenya chitini ndinali ine, ndipo panalibe njira yochibwezera.

Ndinawauza onse kuti mankhwalawo ndi oopsa ndipo apite akapimidwe. Amake Abby anandiyang'ana chammbali.

"Nanga ni matenda bwanji yamene ali nayo mulamu wanu?"

"Si yanga, siningakambe," ndinatero. Kanali koyamba amake Abby kundimva ndikutseka pakamwa, ndipo zimenezo zokha zinamuuza kuti pali nkhani. Zotsalazo anamuthandiza mphwake amene anationa tikulowa chitseko chomaliza chija. Sabata isanathe msika wonse unadziwa.

Palibe anamunyoza Olipa. Anthu a kuno si a nkhanza yoonekera. Ankamupatsa moni bwinobwino, ena nkumufunsa za dzanja, koma ataima chapatali, manja ali kumbuyo. Atsikana a kusekondale anayamba kupita ku saluni ya pafupi ndi filing'i siteshoni. Amene ankakhala pa mkeka wake anali apaulendo okha, odikira basi, osadziwa kanthu. Iye ankabwerabe m'mawa uliwonse, kusesa pansi pa mango, kuyala mkeka, nkukhala pa kampando chipeso chili pa miyendo.

Ine ndinadzipatsa ntchito. Mabasi asanayambe, Olipa ankabwera pa malo anga, ine nkuwerenga mapiritsi m'dzanja lake, nkumupatsa nthochi, nkudikira mpaka ameze. Kathumbako ndinkasunga ine, mkati mwa malaya. Munthu wina atabwera kudzakhala pansi nkugwira msana, ndinamuuza kuti chipatala chili uko, chimatsegula eyiti koloko. Anandinena kuti ndine wouma mtima, ndipo sindinadandaule, dzina limenelo limandikwana kuposa Olipa.

Asanu ndi atatu anakhala asanu ndi limodzi, kenako anayi, kenako atatu. Nkhope yake inazungulira ngati ya mwana wodya bwino, ndipo ndinkamuseka kuti Cosmas akabwera adzayesa wakwatira wina. Chigamba chija chinaphwa nkusiya kunyezimira. Madzulo aliwonse ankaviika dzanja m'madzi, kulidzoza mafuta, nkumawongola zala chimodzichimodzi monga anamuuzira a Daka. Ankayeserera kuluka pa mutu wa mwana wake Tisunge, kumasula, kulukanso, mpaka mwanayo anayamba kubisala akaona chipeso.

Mu Julaye bolopeni ya a Daka itafika pa chala chachinayi, Olipa anati eya osachedwa. Tinabwerera tikuseka njira yonse. Koma kachala kakang'ono sikanayankhe mu Julaye, sikanayankhe mu Ogasiti. Kanayamba kupindika, nkukhala chotero ngati mbedza. Ulendo womaliza ndinatsalira m'chipindamo Olipa atatuluka.

"Adokotala, niuzeni chabe. Kukanakhala kuti sanasiye masiku yaja, kachala kakanachila?"

A Daka anayang'ana bolopeni yawo nthawi yaitali. "Ulendo woyamba kanali kanayamba kubwelela," anatero. Sanawonjezere china, ndipo ine sindinafune kuti awonjezere.

Pali chinthu chimene sindinanene. Kuyambira tsiku lija la ku chipatala, mutu wanga sunalukidwe. Mukule wakale uja ndinaumasula ndekha, nkumangomanga duku. Ndinkadziuza kuti ndikumupumitsa dzanja. Ndinkawerenga mapiritsi ake, ndinkadya naye mbale imodzi, ndinkalalatira aliyense womunena. Koma mutu sindinapereke. A Daka anandiuza zoona ndipo ndinawakhulupirira, koma mantha amene amayi anga anandiyamwitsa sanamve nawo zimene a Daka ananena. Ndinkaopa, basi. Olipa sanandifunsepo za tsitsi langa ngakhale kamodzi, ndipo ndikanakonda akanandilalatira.

Piritsi lomaliza analimeza Lachisanu lina mu Seputembala. Mawa lake linali Loweruka, tsiku limene msika umadzaza. Masana, dzuwa lili paliwombo, ndinamusiyira amake Abby lichero langa kuti andiyang'anire.

"Muyenda kuti?"

"Kukalukiwa," ndinatero mokweza kuti ndi ogulitsa tomato omwe amve.

Ndinamupeza atakhala yekha, mkeka uli wopanda munthu. Ndinamasula duku ndili chiimire, nkukhala pansi pakati pa miyendo yake, mabondo akulira monga mwa masiku onse.

Sanandigwire msanga. "Mulamu, tsitsi ili mwalichita chani?" anafunsa.

"N'nalisunga."

"Mwalisunga monga chisa cha khoswe." Analigwira ndi nsonga za zala. "Mizele izakhota. Dzanja siili monga kale."

"Ikhote. Mutu nawonso ni wokhota."

Anayamba kupesa. Zinawawa, chifukwa tsitsi la miyezi isanu silimva chipeso. Anagawa mzere woyamba nkuyamba kuluka, pang'onopang'ono, kuima, kugwiranso. Chimene kale ankachita pa ola limodzi chinatenga masana onse. Mabasi atatu anafika nkupita ine ndili pansi. Anthu ankadutsa kupita ku mpopi, ena kubwerera kawiri opanda chotungira. Amake Abby anabwera ati kudzandifunsa mtengo wa nthochi zimene amaudziwa kale, nkuima pamenepo nthawi yaitali akuyang'ana zala za Olipa. Sindinalankhule naye. Sindinalankhule ndi aliyense.

Zala zisanu ndi zinayi zinkagwira ntchito, zikuphunzira kugawana gawo la mnzawo. Kachala kopindika kaja sikankaluka. Kankangotsatira pambuyo, nkumandikhukhuza pa khungu la mutu mzere uliwonse, kuchokera pamphumi mpaka kuseri kwa khutu. Misozi inayamba kutsika, ndipo sindinaipukute.

"Nakoka maningi?" anafunsa Olipa, manja ataima.

"Iyayi. Pitilizani."

Anapitiriza. Ine ndinkakamva kachalako mzere uliwonse mpaka anamaliza, koma iko sikankandimva ine.